Boma la Makeyateka

A Reuben anapita ku Nairobi kukagwirizira. Mawu ake anali amenewo, ndipo anawamva ndi makutu awo m'khitchini ya mzungu ku Eriya 10 ku Lilongwe, chaka cha 1993, pamene bwana wawo anasamutsidwa kukakhala kazembe ku Kenya. Mkazi wa bwanayo anali atazolowera buledi wa a Reuben, ndiye anawanyengerera kuti apite nawo, akangogwirizira miyezi ingapo mpaka atapeza wophika wa komweko. A Reuben anakafotokoza nkhaniyi kwa akazi awo a Modesta ku Lizulu, m'nyumba yomwe anali atangoifolera malata. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Dinah, anali atangoguluka mano akutsogolo. Mng'ono wawo Thomas, wogulitsa kachewere pamsika wa m'mbali mwa msewu, yemwe nyumba yake inali kuseri kwa mpanda womwewo, anati, "Pitani achimwene, kunoko tikugwirizirani." Patapita zaka khumi ndi zitatu, Dinah uja akufuna womulowetsa m'tchalitchi pa ukwati wake, a Reuben anali akugwirizirabe.

Wophika wa komweko sanapezeke, chifukwa palibe anamufunafuna. Akazembe aja anatha nthawi yawo n'kupita, kunabwera ena odana ndi anyezi, kenako kunabwera mayi wamtali womwa tiyi wopanda shuga. Aliyense ankawapeza a Reuben m'nyumbamo monga ankapezera firiji, ndipo firiji sitiifunsa kuti kwawo ndi kuti. Dziko la akazembewo ndi laling'ono, lozizira, la ku Ulaya uko. Dzina lake tilisiye, silitithandiza kanthu.

Nyumbayo inali ku Muthaiga, kumene mipanda ya mitengo ndi yaitali kuposa munthu ndipo ukhoza kutha mwezi osamva mwana akulira. A Reuben ankagona m'kachipinda ka kuseri kwa galaja. Chingerezi chawo chinali cha m'khitchini, chokwanira kufunsa kuti alendo abwera angati. Chiswahili chawo chinali cha pamsika, chokwanira kufunsa mtengo ndi kudandaula kuti wakwera. Chichewa ankachiyankhula ndi mtanda wa buledi. "Tupa msanga iwe, usandichititse manyazi," ankautero m'mawa uliwonse, akuufunditsa kansalu. Lamulungu akaweruka kutchalitchi ankakwera matatu, minibasi ya kumeneko, kupita m'tauni, n'kukweranso ina ya nambala 46 mpaka ku Kawangware. Kumeneko kunali matope, phokoso ndi fungo la mafuta okazingira, ndipo mtima wawo unkakhalako m'malo. Ankagulako omena, tinsomba touma tofanana ndi usipa, ndipo mafoni a m'manja atabwera ankaimbira kumudzi pa kakiyosiki ka mayi wina dzina lake Lorna. Kunyumba kwawo kunalibe foni. Ankaimbira ya Thomas, ndipo Thomas ankaitenga kukawapatsira a Modesta, kotero kuti ngakhale mawu a a Reuben ankafika pakhomo pawo atadutsa kaye m'manja mwa mng'ono wawo.

Tisawanamizire kuti kumudzi sankapitako. Ankapita pakapita zaka, sutikesi itadzaza nsalu ndi nsapato. Koma ulendo uliwonse ankawaphera nkhuku, kuwatulutsira mpando wabwino, kuwagwadira powapatsa madzi osamba m'manja. Dinah ankabwera kudzapereka moni ndi manja awiri, maso pansi, n'kuzimiririka. Mbuzi ikadula chingwe, kapena aphunzitsi akaitanitsa kholo, mwanayo ankawadutsa bambo ake ali pampando paja n'kuthamangira kuseri kwa mpanda akufuula, "Bambo aang'ono! Bambo aang'ono!" Tsiku lina a Reuben anafunsa kumene amasunga nkhwangwa, ndipo a Modesta anawauza kuti apume, atopa ndi ulendo. Anapumadi mpaka tchuthi kutha. Ndege ikatera pa bwalo la ku Embakasi ku Nairobi ankamva kupepukidwa, ndipo kupepukidwako kunkawachititsa manyazi mpaka kukafika ku Muthaiga.

Ndiye kunabwera chaka chimene Dinah anapeza mwamuna, mphunzitsi wa ku Dedza. Ankhoswe anakumana, zonse zinalongosoka, ukwati anauika mu Seputembala. Lamulungu lina mu Meyi, a Modesta atatha kuyankhula pafoni, anati, "Dikirani, mwana wanu ali ndi mawu." A Reuben anasintha khutu.

"Ababa," anatero Dinah, ndi mawu a munthu wamkulu omwe iwo sankawadziwa bwino, "ndikufuna mudzandilowetse m'tchalitchi ndinu. Osati kungotumiza zinthu ayi. Mudzabwere."

"Ndibwera, mwana wanga," anayankha.

Sanali kunama. Tsiku lomwelo anazungulira kaunjika yense wa ku Kawangware mpaka anapeza suti yotuwa, yokwana bwino m'mapewa, n'kukaipereka kwa telala kuti afupikitse miyendo. Anaipachika pa msomali kuseri kwa chitseko, ataikuta ndi pulasitiki, ndipo inkaoneka ngati munthu waima pamenepo kuwadikira.

Mu Juni mayi wamtali uja anapuma pantchito. Galimoto yopita ku Embakasi ikudikira, anawaitana a Reuben pakhonde n'kuwapatsa mulu wa makiyi a nyumba yonse. Anawauza kuti awasunge, adzawapereke m'manja mwa kazembe watsopano, yemwe ankayembekezeka mwezi wotsatira. Anangonena mwaulemu, monga amanenera munthu amene maganizo ake ali kale pa ndege. A Reuben anawalandira ndi manja awiri ngati alandira mwana wakhanda.

Mwezi wotsatira kazembe sanabwere. M'malo mwake kunabwera mayi Veronica, Mkenya woyang'anira antchito ku ofesi ya kazembeyo, mayi wachangu woyenda ndi makiyi a galimoto m'manja. Anakhala pa sitululu ya m'khitchini, nadya buledi ndi batala, nawauza kuti asayembekezere munthu posachedwa. Kwawo kwa azunguwo nduna zinali zitakangana, boma lagwa.

"Tsopano kuli keyateka gavumenti, Mzee," anatero, akuwatchula mwaulemu monga amatchulira achikulire m'Chiswahili. "Mpaka zinthu zitakhazikika, inu muzingotsegula mawindo."

Liwu lakuti keyateka a Reuben ankalidziwa bwino, monga amalidziwira aliyense wa ku Nairobi. Keyateka ndi bambo uja amakhala m'kachipinda ka pansi pa masitepe pa nyumba zosanjikizana, wotsegula madzi, wosesa pabwalo, wodziwa kuti paipi yaphulika pati. Ku Kawangware ankadziwana nawo angapo. Ndiye atamva kuti dziko lonse lathunthu laperekedwa kwa makeyateka, anagwedeza mutu ndi ulemu waukulu. Anaona kuti azunguwa nzeru ali nazodi: akuluakulu akalephera kumvana, amaitana anthu odziwa kutseka mpopi. Sabata imeneyo ankayenda m'nyumba yopanda anthuyo chifuwa chili patsogolo, makiyi akulira m'thumba. Anauza mtanda wa buledi kuti anzawo ali m'boma.

Amalawi a ku Nairobi ankakumana chaka chilichonse pokumbukira ufulu wa dziko lawo. Ambiri anali ogwira ntchito m'mabungwe akuluakulu, anthu a mataye ndi magalimoto, ndipo a Reuben ankaitanidwa nawo, koma ankaitanidwa kudzaphika. Chaka chimenecho phwando linachedwerapo, linachitikira pa kapinga kunyumba kwa a Arthur, a ku Zomba, odziwa za malamulo. A Reuben anaima kuseri kwa tebulo ndi chipande m'manja, akumwa Chichewa cha anthu ena ngati madzi.

"A Reuben, nanga mabwana anu atsopano afika liti?" anafunsa a Arthur, akutambasula mbale.

"Aa, zimenezo zili m'manja mwa anzathu, bwana. Kumeneko panopa akulamulira ndi makeyateka."

"Makeyateka?"

"Ee, anthu ngati ife tomwe. Osamala nyumba. Nduna zalephera, ndiye aitana osesa pabwalo."

Mayi wina anatsamwa ndi fanta. Kuseka kunayenda kuchokera pa tebulo mpaka pansi pa mtengo, ndipo amene sanamve ankafunsa anzawo kuti awabwerezere. A Arthur okha anadzigwira, ngakhale masaya ankanjenjemera.

"Ayi bambo, si makeyateka a pa mafulati. Ndi nduna zomwezo. Mwaona, kunali kowalishoni, mgwirizano wa zipani zitatu. Chimodzi chakwiya, chatuluka. Ziwiri zotsalazo aphungu ake ndi ochepa, sizingapambane voti m'nyumba ya malamulo popanda kukapempha kwa adani awo. Ndiye awauza kuti khalani pomwepo mpaka chisankho, koma musayambe chatsopano, musathetse chakale. Malipiro azituluka, magetsi aziyaka, basi. Kusankha kazembe ndi chinthu chatsopano, ndiye sangachite. Kwathu tinganene kuti ndi boma logwirizira."

"Logwirizira," anabwereza a Reuben.

"Eya. Mpando si wawo, akungosungira mwiniwake."

A Reuben anaseka nawo, chifukwa munthu ukasekedwa ndi anthu a mataye umaseka nawo. Koma kusekedwako sikunawapweteke kwenikweni. Chinawalasa chinali liwu lija, lomwe anali asanalimve pakamwa pa munthu kuyambira tsiku lija ku Lizulu. Potsuka mapoto madzulo ake ankangolitembenuza. Osayamba chatsopano, osathetsa chakale. Anaganiza za nyumba ija ya malata, yomwe sanawonjezerepo chipinda, ndi za a Modesta, omwe sanawaitanepo ku Nairobi komanso sanawasiye. Anaona kuti boma limenelo akulidziwa kuposa a Arthur, ndipo sizinawasangalatse.

Ogasiti atafika, mayi Veronica anabweranso kudzaona nyumba, ndipo anaiona suti ija pa chingwe, a Reuben ataitulutsa kuti ipitidwe mphepo. Atamva kuti ndi ya ukwati wa mwana, anawomba m'manja.

"Harusi! Ndiye mukudikira chiyani, Mzee? Tengani tchuthi mawa lomwe. Makiyi ndikawatsekera ku ofesi, pageti pali asikari, nyumba siithawa."

"Madamu anati ndiwapereke m'manja mwa kazembe."

"Madamu ali kwawo akuthirira maluwa, sakukumbukanso n'komwe. Pitani!"

"Boma likakhazikika ndipita," anatero a Reuben, akuyang'ana pansi.

Mayi Veronica anawayang'ana nthawi yaitali, nakweza mapewa, nakwera galimoto yawo. Tinene zoona pano, popeza a Reuben sakanazinena: sanali makiyi ayi, anali mantha. M'nyumba ya ku Muthaiga ankadziwa pamene pali supuni iliyonse. Ku Lizulu sankadziwa pamene pali nkhwangwa. Ankati akatseka maso n'kudziona ali pakhomo la tchalitchi, mkono wa Dinah uli m'mkono mwawo, ankamva amayi a m'mabenchi akunong'onezana kuti kodi bambo a suti yotuwawo ndi ndani. Ndipo kuchokera pakhomopo mpaka kuguwa, akanamuuza chiyani mwanayo? Sankadziwa chimene chimamuseketsa. Sankadziwa ngati amaopa mabingu. Boma la azungu linagwa pa nthawi yake, linawapatsa pobisala.

Lamulungu lotsatira anaimba foni pa kakiyosiki ka Lorna. Thomas anailandira mwansangala monga mwa masiku onse, nathamanga nayo kuseri kwa mpanda.

"Mayi a Dinah, kuno zinthu zavuta pang'ono. Boma silinakhazikike."

"Boma lake liti?"

"La azunguwa. Ndiye nyumba ili m'manja mwanga. Likangokhazikika ndinyamuka."

"Likhazikika ukwati usanafike?"

"Akuti chisankho ndi Novembala."

Kunamveka tambala akulira chapatali, ku Lizulu. Kenako a Modesta anafunsa, osakweza mawu, "Bambo a Dinah, kodi boma la azungu ndi limene linabereka mwanayu?"

A Reuben anayang'ana matope a pansi pa tebulo la Lorna.

"Chabwino," anatero a Modesta. "Ndiwauza alamu."

Akazi a a Arthur ankapita ku Zomba kudzera ku Lilongwe sabata imeneyo. A Reuben anaipinda suti ija bwinobwino, naikulunga m'pepala la khaki, nawapempha kuti akaitsitse pa Lizulu. Uthenga wake unali wakuti Thomas awagwirizire, ndipo avale imeneyi. M'maganizo mwawo zinali zomveka ndithu: ngati mwiniwake sangafike, bola suti yake ikalowe m'tchalitchi.

Loweruka la ukwatilo anadzuka m'mamawa, natsegula mawindo a zipinda zonse monga mwa nthawi zonse, nachotsa fumbi pa mipando yomwe panalibe woikhalira. Kenako anayatsa uvuni n'kuphika keke ya nsanjika zitatu, yoyera, ya maluwa a shuga m'mbali, yonga imene anaphikirapo ana a anthu ena ambirimbiri. Tsiku limenelo sanayankhule ndi mtanda. Keke itazizira anainyamula kupita nayo kugeti. Asikari awiri aja anadabwa, nafunsa kuti ndi ya chiyani, ndipo iwo anati ndi harusi ya mwana wawo. Anyamatawo anawagwira chanza, nawayamikira kwambiri, nadya mpaka kunyambita zala. Palibe anafunsa kuti nanga bwanji bambo a mkwatibwi ali pano. Ulemu umenewo unawawawa kuposa funso.

Masabata otsatira ku Kawangware ankapitabe, koma pa kakiyosiki ka Lorna ankadutsa cha kutsidya kwa msewu. Ankadziuza kuti adzaimba akadzakhala ndi nkhani yabwino yonena.

Nkhaniyo inabwera kumapeto kwa Novembala, ndi mayi Veronica. Chisankho chinali chitachitika, ndipo amene ankagwirizira aja ndi amene anapambana. Anapeza chipani china chogwirizana nacho, aphungu anakwana.

"Anthu anawazolowera, angowavotera omwewo," anatero mayi Veronica akuseka. "Si makeyatekanso tsopano, ndi eni ake. Kazembe afika ikangotha Khirisimasi. Ndipo inunso, Mzee, ku ofesi aona kuti zaka zonsezi mumatengedwa ngati wongogwirizira. Akuti akukhazikitseni. Khitchini ino ndi yanu."

A Reuben anathokoza ndi manja awiri. Lamulungu lake sanachedwe kucheza pakhomo la tchalitchi. Anakwera matatu awo awiri aja, nakaima pamzere kwa Lorna, yemwe anawafunsa ngati anadwala.

"Achimwene!" anafuula Thomas. "Mwasowatu! Dikirani ndiwapititsire alamu." Kunamveka mapazi, chitseko cha mpanda, nkhuku zikubalalika.

"Mayi a Dinah, mwaswera bwanji? Boma lija lakhazikika. Ikangotha Khirisimasi ndipereka makiyi, ndibwera."

"Mudzatipeza," anatero a Modesta.

Anafunsa za ukwati. A Modesta anafotokoza mosathamanga: anthu anadzaza tchalitchi mpaka ena kuima panja, mvula sinagwe, a kuchimuna anabwera ndi lole. Dinah tsopano ali ku Dedza, ali bwino.

"Nanga suti inawakwana a Thomas?"

"Suti yanu ili bwinobwino, ndinaiika m'sutikesi ndi mankhwala a njenjete. Sanaivale. Anati ali nayo yawo."

"Chabwino. Komabe mundithokozere kwambiri pondigwirizira."



"Bambo a Dinah, ndikuuzeni ndekha, musadzamve kwa anthu. Pa perekaniperekani, woyendetsa mwambo anaitana kuti, tsopano abwere bambo aang'ono a mkwatibwi, a Thomas, amene agwirizira m'malo mwa bambo ake omwe ali kunja. Mukudziwa kuti mkwatibwi amayenera kungozyolika. Koma mwana wanu anadzutsa mutu, anamukodola bamboyo, anamunong'oneza. Ndiye bamboyo anabwerera pa chimkuzamawu n'kunena kuti, pepani, andikonza. Palibe akugwirizira pano. Abwere bambo a mkwatibwi."

"Anachotsa aang'ono?"

"Anachotsa. Amayi anaimba nthungululu, alamu analira." A Modesta anapuma. "Ine sindinamutume. Komanso sindinamuletse."

A Reuben anatsegula pakamwa, koma Chichewa chonse chimene anasunga zaka zonsezi chinawathawa. A Modesta anadikira pang'ono, kenako anati alamu akufuna foni yawo, akuthamangira kumsika, lole ya kachewere yafika. Anatsanzika mwaulemu wonse, monga amatsanzikirana ndi alendo.

A Reuben anaimabe pomwepo, foni ili kukhutu, ikungolira yokha. Kumbuyo kwawo mzere unali utatalika.

"Mzee, umemaliza?" anafunsa Lorna, kufuna kudziwa ngati atha.

Anagwedeza mutu, napereka foni ija kwa mayi amene anali pambuyo pawo. Makiyi a ku Muthaiga ankawamenya pantchafu pamene ankawoloka msewu kupita kwa ogulitsa nsomba. Mayi wa omena anawaona akubwera, ndipo sanawafunse n'komwe. Anawayezera kachitini kamodzi, ka munthu mmodzi.